Zimene Tsiku la 6 Julayi Lasenza: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Namiwawa



Pamene a komiti anandiuza kuti msonkhano wathu wa chaka chino ukhala pa 6 Julayi, ndi kuti ine ndiyankhulepo za tsikuli, ndinayamba ndaseka. Ndinati, kodi alipo Mmalawi amene sadziwa za 6 Julayi? Koma nditakhala pansi ndi kope ndi cholembera, ndinaona kuti tsikuli lasenza zambiri kuposa zija tinkaloweza pokonzekera mayeso. Mundilole ndikupatsireniko zina mwa izo, kenaka ndikhala ndi pempho limodzi.

Tiyambe ndi kuno kwathu. Pa 6 Julayi 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pabwalo la ndege la Chileka, atakhala kunja kwa dziko lino zaka zoposa 40. Anabwera kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba m'chaka cha 1953. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, pa 6 Julayi 1964, Nyasaland inakhala Malawi. Mwambo wake unachitikira mumzinda wathu womwe uno, pabwalo la ku Chichiri limene timalitcha Kamuzu Stadium, ndipo Prince Philip ndiye anaimira Mfumukazi Elizabeth. Pa 6 Julayi 1966 dziko lino linakhala Ripabuliki, pansi pa chipani chimodzi, ndipo pa 6 Julayi 1971 Dr Banda analumbira kukhala mtsogoleri wamuyaya. Umuyaya umenewo unagwedezeka ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo ulamuliro wake unatha ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Mukuona nokha kuti tsiku limodzi lomweli linatipatsa ufulu, ndipo tsiku lomwelo linatimanganso pakamwa kwa zaka zambiri.

Maiko ena nawo ali ndi zawo pa tsikuli. Zilumba za Comoros, za m'nyanja ya mchere kum'mawa kwa Mozambique, zinalengeza ufulu wawo kuchoka m'manja mwa France pa 6 Julayi 1975. Ku Nigeria, nkhondo ya pachiweniweni ya Biafra inayamba pa 6 Julayi 1967. Ndipo amene munkakonda sayansi mukumbukira dzina la Louis Pasteur. Pa 6 Julayi 1885, iyeyu anayesa katemera wake wa chiwewe pa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wopenga, ndipo mwanayo anapulumuka. Mukamapita ndi agalu anu kokabayitsa, dziwani kuti nkhaniyo inachokera kutali.

Tsopano za masewera. Pa 6 Julayi 1957, Althea Gibson wa ku America anapambana mpikisano wa tenisi wa Wimbledon ku London, ndipo anali munthu wakuda woyamba kutero. Mphotho yake anailandira kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth yemwe uja. Pa tsiku ngati lomweli m'chaka cha 2002, asungwana awiri a bere limodzi anakumana mu ndime yotsiriza ya mpikisano womwewo, ndipo wamng'ono, Serena Williams, anagonjetsa mkulu wake Venus. Kwa okonda mpira wa miyendo, pa 6 Julayi 2000 bungwe la FIFA linasankha Germany kuti ichititse mpikisano wa dziko lonse wa 2006, itaposa South Africa ndi voti imodzi yokha, 12 kwa 11. Tinadandaula tonse mu Africa muno, koma South Africa sinagwe mphwayi, ndipo inauchititsa m'chaka cha 2010.

Obadwa pa tsikuli nawo alipo. Dalai Lama, mtsogoleri wa chipembedzo wa anthu a ku Tibet, anabadwa pa 6 Julayi 1935. George W. Bush, amene analamulirapo America, ndi Sylvester Stallone, Rambo uja ena mwa inu munkathawira maphunziro kukamuonera m'tinyumba ta kanema, anabadwa tsiku limodzi, pa 6 Julayi 1946. Sinditchula maina a othawa aja, poti aphunzitsi athu ali pomwe pano.

Amayi ndi abambo, ndasiyira kumapeto nkhani imene yandiimitsa pano. Pa 6 Julayi 2017, pokumbukira zaka 53 za ufulu wathu, anthu anakhamukira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe kukaonera mpira wa pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Kunali kulowa ulere. Pachipata panachitika kukankhana, ndipo anthu asanu ndi atatu anamwalira. Ambiri mwa iwo anali ana.

Nditamva nkhaniyi pawailesi, ndinakumbukira tsiku lina la 6 Julayi m'zaka za m'ma 1970, ndili m'Sitandade 6. Anzanga a nthawi imeneyo mukudziwa m'mene zinkakhalira. Tinkadzuka tambala woyamba, chiperoni chili waa, ife tili m'makabudula ndi m'madiresi a yunifomu, n'kukwera lole kuchoka kuno ku Namiwawa kupita ku Chichiri. Tsiku limenelo, titafika pachipata, khamu la kumbuyo linayamba kukankha. Ine nsapato imodzi inandivuka ndipo sindinaionenso. Msungwana wina wa m'kalasi mwathu, wamng'ono thupi, anagwa pansi. Amene anamupulumutsa ndi aphunzitsi athu aakazi, omwe anali atatiwerenga pokwera lole, n'kutiwerenganso potsika, ndipo maso awo sanachoke pa ife ngati nkhuku ya anapiye. Anamukoka dzanja, natikankhira tonse kumbali kwa mpanda mpaka khamu litaphwa. Tinalowa mochedwa, magule ena tinawaphonya, ndipo tinawanyinyirira njira yonse pobwerera. Unali umwana. Msungwana uja lero ndi agogo a zidzukulu.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana a pasukulu yathu akupitabe ku masewera, ku zionetsero ndi ku zikondwerero. Makalasi a masiku ano ndi odzaza kuposa a nthawi yathu, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kuona mwana aliyense pakati pa chikhamu. Bungwe lathu lino limasonkha ndalama za mabuku ndi mabenchi, ndipo zimenezo ndi zabwino. Koma pali china chimene sichilira ndalama.

Pempho langa ndi ili. Tilembe maina a ophunzira akale amene angadzipereke kuperekeza ana nthawi iliyonse imene sukulu ikuwatulutsa kupita kumene kuli anthu ambiri. Ambiri a ife tinapuma pantchito, ndipo nthawi tili nayo. Ntchito yake ndi yochepa: kuwerenga ana ponyamuka, pofika ndi pobwerera, kufika msanga zipata zisanadzaze, kuonetsetsa kuti mwana aliyense akudziwa pokumanira akasochera, ndi kulimba mtima kubwerera nawo ngati pachipata pavuta. A Mlembi, ndikupempha kuti pepala lizungulire tisanadye chakudya, ndipo dzina langa likhale loyamba. A komiti akakambirane ndi a hedi za m'mene tingagwirire ntchitoyi.

Aphunzitsi aja anatisiya kalekale, ndipo ine sindinawathokoze. Ndikuwathokoza lero pamaso panu.