Kodi Mphunzitsi wa ku Yunivesite ndi Wantchito kapena Bwana?

Nkhani yathu lero yachokera ku America, ndipo ikunena za aphunzitsi a m'mayunivesite akuluakulu, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa ndi kufufuza nzeru zatsopano.

Ambiri a inu mukudziwa kuti wantchito akapita yekha kwa abwana kukapempha kuti amuonjezere malipiro, kawirikawiri amabwerako ndi mawu okoma okha. N'chifukwa chake antchito amapanga bungwe, nasankha owalankhulira, ndipo chimene agwirizana ndi owalemba ntchito chimalembedwa kuti chimange mbali zonse ziwiri. Ku America ufulu umenewu unakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1935. Koma chitetezo cha lamulolo sichifika kwa mabwana oyendetsa ntchito.

Apa ndi pamene panagona mlandu wa yunivesite ya Yeshiva, ya mumzinda wa New York, imene si ya boma. Aphunzitsi ake anafuna kuti bungwe lawo lizikambirana ndi akuluakulu a sukuluyo za malipiro. Akuluakuluwo anakana, nati aphunzitsiwo nawonso ndi mabwana. Mu February 1980 bwalo lalikulu la milandu m'dzikolo linagamula mokomera yunivesite, oweruza 5 akuvomera, 4 akutsutsa. Woweruza Lewis Powell anafotokoza kuti aphunzitsiwo ndiwo amasankha maphunziro ophunzitsidwa, ophunzira oyenera kulowa, ndi oyenera kulandira digiri. Choncho ulamuliro wa sukulu uli m'manja mwawo.

Woweruza William Brennan anatsutsa. Iye anaona kuti mphunzitsi pochita zimenezi amatsata nzeru za ntchito yake, sakhala akutumikira akuluakulu. Anaonanso kuti yunivesite ya masiku ano imayendetsedwa ngati bizinesi yaikulu. Ine ndikuona kuti a Brennan ndiwo analasa. Kusankha buku loti ophunzira awerenge sikupatsa munthu makiyi a kosungira ndalama. Ndipotu aliyense amene anagwirapo choko akudziwa kuti wolemba mayeso ndi wina, wolemba malipiro ndi winanso.

Mayunivesite a boma chigamulochi sichiwakhudza, pakuti iwo amatsata malamulo a chigawo chawo. Taonani za ku Rutgers, yunivesite ya boma m'chigawo cha New Jersey. Mu April 2023 anthu pafupifupi 9,000 ananyanyala ntchito, koyamba aphunzitsi kutero chiyambire sukuluyo mu 1766. Pakati pawo panali aphunzitsi aganyu, olembedwa kwa miyezi yochepa ndi kulipidwa pa phunziro lililonse, osadziwa ngati adzaitanidwanso teremu ikudzayo. Chimene chinapatsa mphamvu sitalakayo n'chakuti mapulofesa a ntchito yokhazikika anatuluka nawo limodzi, ngakhale kuti awo anali kale pabwino. Bwanamkubwa wa chigawocho, Phil Murphy, anaitanira mbali zonse ku Trenton, ndipo atanyanyala masiku asanu anabwerera m'kalasi. Aganyu aja analonjezedwa kuti malipiro awo adzakwera ndi ndalama zoposa 40 pa 100 iliyonse m'zaka zinayi.

M'mayunivesite amene si a boma, chigamulo cha Yeshiva chikadalipo. Kumeneko pulofesa wa ntchito yokhazikika akafuna bungwe lomulankhulira, akuluakulu akakana, lamulo silimuteteza ngati yunivesiteyo yatsimikizira boma kuti iye ndi bwana.