ULENDO WA ANA A SUKULU WOKAONA MATCHALITCHI AKALE



Lero sindikamba za mbeu kapena za manyowa ai. Ndifuna tikambirane za kalata imene mwana amabwera nayo kuchokera kwa aphunzitsi, yopempha kuti mumlole apite ndi anzake kukaona matchalitchi akulu-akulu akale a m'dziko lathu lino. Makolo ambiri akalandira kalata yotere amati, "Tchalitchi tiri nacho pamudzi pano, nanga ndalama ya galimoto titayirenji?" Ena amaopa kuti mwana akamkopa kumeneko, nkusiya chipembedzo cha makolo ake.

Dziwani kuti ulendowu suli wa mapemphero. Mwana wa mpingo uli wonse, ndi Msilamu yemwe, alikupita kukaona nchito ya manja, ndipo nchitoyo inagwiridwa ndi anthu onga inu nomwe.

Tiyambe ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission. Anayamba kuchimanga mu 1888 nachitsegula mu 1891. Amene anatsogolera nchitoyo ndi mbusa David Clement Scott wa ku Scotland, munthu amene sanaphunzire za zomanga-manga. Anthu amene anamanga naye anali a konkuno, ndipo anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa zonse anaziumba pomwepo ndi dongo la pomwepo, naziocha ndi nkhuni. Zikombole anazisema mosiyana-siyana kuti njerwa zina zikhale zokhota, zina zamaluwa. Asanamange chigawo chiri chonse, ankayamba ayala njerwa popanda matope kuti aone ngati zikhala bwino. Nyumbayo m'litali mwake ndi mapazi 106, ndipo yaima zaka zoposa 130.

Mwana wanu akafika, aphunzitsi adzamuonetsa makomo ndi mazenera okhota ngati uta. Inu mukamanga nyumba mumagoneka mtengo pamwamba pa khomo, ndipo chiswe chikadya mtengowo khoma limang'aluka. Khomo la uta silifuna mtengo. Mmisiri amayamba waika matabwa ochirikiza, kenaka amayala njerwa mokhota kuchokera mbali zonse ziwiri, mpaka aike njerwa ya pakati peni-peni. Akachotsa matabwa aja, uta umaima wokha, chifukwa kulemera kwa khoma kumapanikiza njerwa iri yonse pa inzake. Koma uta wotere umakankhira makoma kunja, nchifukwa chake kunja kwa tchalitchi kuli mizati ya njerwa yochirikiza khoma, monga inu mumachirikiza nthochi yolemedwa ndi mkoko. Nzeru imeneyi Aroma ankamangira milatho ndi makomo zaka 2,000 zapitazo. Mwana akangowerenga m'buku amaiwala msanga, koma akaimirira pansi pake nkuyang'ana kumwamba saiwala.

Ana a kunyanja ali ndi kwao kopita. Pa chilumba cha Likoma pali tchalitchi cha St Peter cha mpingo wa Anglican. Chimenechi ndi tchalitchi cha bishopu, ndiko kunena kuti mpando wa bishopu uli m'menemo. Mwala woyamba anauika mu 1903, anayamba kupempheramo mu 1905, ndipo anachipatula mu 1911. Amene anachilinganiza ndi Frank George. Makoma ake ndi a miyala ya pa chilumba pomwepo, ndipo nyumba yonse inagona ngati mtanda. Malowo amachedwa Chipyela, chifukwa kale ankaocherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pofika ku Likoma ana amakwera sitima ya m'madzi, ndipo ambiri a inu mumaidziwa Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951.

M'kati mwa nyumba zimenezi muli luso linanso. Ku Likoma kuli mipando ya oyimba yosemedwa pa mwala wofewa. Kwina konse kuli mazenera a zithunzi, opangidwa ndi tizidutswa ta galasi la mitundu-mitundu tolumikizidwa ndi mtobvu. Kunja amaoneka akuda, koma muli m'kati dzuwa likawala kuseri kwake, chithunzi chonse chimaoneka. Muuzeni mwana kuti akaonere m'kati.

Tsopano ndinene ndi inu mafumu. Bvuto lalikulu ndi ndalama ya ulendo, ndipo kawiri-kawiri amene amatsala ndi ana amasiye ndi ana akazi. Itanitsani makolo ndi aphunzitsi pa bwalo nthawi ikalipo. Gwirizanani kuti ulendo ukhale m'chilimwe, mutatha kukolola, pamene miseu iri youma ndipo ana sasowedwa kumunda. Wina apereke mtedza, wina nkhuku, zigulitsidwe, kuti mwana asatsale chifukwa cha umphawi. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani amai awiri okhulupirika aperekeze atsikana, ndipo aphunzitsi alembere kalata akulu a tchalitchi ulendo usanafike.

Inu makolo, mpatseni mwana kamba wa panjira, pensulo ndi kope. Akajambule khomo limodzi, akawerenge njerwa za pa uta wake. Akabwerako musangomfunsa ngati anadya bwino. Khalani naye pabwalo madzulo, mumpatse timiyala kapena zidutswa za njerwa, akuonetseni mmene uta umaimira. Mwa ana amenewa mudzaturuka amisiri amene adzamanga sukulu ndi milatho ya m'dera lanu.

Kalata ya aphunzitsi ikafika, musaibise kudenga. Iyankheni msanga.