Mlendo Wodzipereka ndi Amisiri a ku Nthalire

Nkhani ya madzulo ano ikunena za alendo amene amachoka kwao kutsidya kwa nyanja nabwera kudzagwira ntchito modzipereka pakati pa amisiri a m'midzi: oluka malichero ndi mphasa, oumba mbiya, osema mitondo ndi osula makasu. Dera limene nkhaniyi yalunjika ndi Nthalire, kummwera kwa boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Nyika.

Dziko lino linayamba kalekale kulandira alendo otere. A bungwe la Peace Corps la ku America anafika m'chaka cha 1963, ufulu wodzilamulira usanabwere. A ku Japan, a bungwe la JOCV, anayamba kufika mu 1971, ndipo a VSO amachokera ku Britain kumene bungwe lao linayambika mu 1958. Ambiri mwa iwo akhala aphunzitsi ndi azaumoyo. Othandiza pa ntchito zamanja ndi ochepa. Kawirikawiri mlendo wa Peace Corps kapena JOCV amakhala zaka ziwiri basi, ndipo nkhani yonse yagona pa kufupika kwa nthawi imeneyi.

Chopunthwitsa choyamba ndi chinenero. Mlendo amene waloweza Chichewa ku Lilongwe akafika ku Nthalire amapeza anthu akupatsana moni wa “Monire” ndi kuthokozana ndi “Yewo”, pakuti kumeneko chimamveka kwambiri ndi Chitumbuka. Akapitirira chakumpoto m'boma lomwelo adzamva Chilambya, Chisukwa, Chindali ndi Chinyiha. Mayi woumba mbiya safotokoza za dongo lake m'chinenero cha m'kalasi, ndipo womasulira, ngakhale akhale waluso, amasiya zambiri panjira. Omvera achikulire angakumbuke Jack Allison, mnyamata wa Peace Corps amene anagwira ntchito m'boma la Ntcheu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nyimbo yake ya “Ufa wa Mtedza” inamveka kwambiri pa wailesi ya MBC, ndipo amayi anaimvera chifukwa inawalankhula m'chinenero chao.

Zina zotsala ndi zimene mlendo aliyense amakumana nazo: kukaonekera kwa mfumu asanayambe kuzungulira m'mudzi, kusiya ntchito pakagwa maliro, kuzolowera nsima ndi mphepo yozizira ya m'mwezi wa June yotsika ku Nyika, kumene mtunda umaposa mamita 2,000. Izi sizitenga nthawi kwa munthu wodzichepetsa.

Chovuta chenicheni ndi kudziwa chimene wadzera. Luso lamanja kumpoto kuno ndi lakale ndithu. Pa mapiri a Nyika pakadali mabwinja a ng'anjo zimene makolo, makamaka Aphoka, ankasungunulira chitsulo chosulira makasu ndi nkhwangwa. Mlendo wophunzira zojambula ku sukulu yaukachenjede sangaphunzitse nkhalamba kung'amba nsungwi, kuzipala ndi kuziluka mothinana kuti ufa usadutse. Sangauze mayi tsiku loyenera kuotcha mbiya zimene waziumitsa pamthunzi. Akayesa kutero, anthu amamumvera mwaulemu, amavomera zonse, ndipo iye akatembenuka amapitiriza monga kale. Komanso ayenera kudziwa kuti mmisiri wa kumudzi ndi mlimi poyamba. Kuyambira mvula ikagwa mpaka kukolola, manja onse ali kumunda wa chimanga ndi mawere. Amene akonza maphunziro a zoluka m'mwezi wa January amakhala yekha pabwalo.

Nanga kalumo kakuthwa kamene akulu amati mlendo ndiye amabwera nako ndi kotani? Nthawi zambiri kamakhala pa kuwerengera ndi pa msika. Woluka lichero amatchula mtengo poyang'ana zimene mnzake akugulitsira, osawerenga masiku amene anathera pokadula nsungwi ndi poluka. Pamsika womwewo pali mabeseni apulasitiki, opepuka ndi otsika mtengo, amene alanda malo a dengu ndi mtsuko m'nyumba zambiri. Kutumiza katundu ku Mzuzu kapena ku Karonga nako kumadya phindu, pakuti njira yodzera ku Nyika kupita ku Rumphi yakhala yovuta kwa zaka zambiri nyengo ya dzinja, ndipo mbiya sizipirira mabampu. Mlendo wokhala pansi ndi gulu la amisiri, nawerenga nawo ndalama zolowa ndi zotuluka, nawathandiza kugwirizana pa muyeso umodzi ndi kutumiza katundu pamodzi, wagwira ntchito yooneka. Maganizo otere ndiwo anali m'ndondomeko ya One Village One Product, imene inayambira m'chigawo cha Oita ku Japan mu 1979 ndipo boma la Malawi linaitenga mu 2003: dera lililonse likometse chimene lili nacho kale, nkuchipezera ogula.

Koma msika uli ndi msampha wake. Alendo okaona nyama ku Chelinda amafuna kanthu kakang'ono kolowa m'chikwama. Mmisiri akatsata iwo okha, amayamba kuluka timalichero tokongola tosapeta mpunga ndi kuumba timiphika tosaphikira nyemba. Tsiku limene alendowo asiya kubwera, monga zinachitikira mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, amatsala ndi katundu amene mnansi wake sangagule. Wogula wokhulupirika ndi mayi wa m'mudzi womwewo.

Pali nkhani inanso imene mlendo ayenera kuimva asanalankhulepo. Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo inakulitsidwa mu 1978, mabanja ena nasamutsidwa. Zipangizo zina zimene makolo ankatenga momasuka zili mkati mwa malire, ndipo kuzitenga kumafuna chilolezo. Wolimbikitsa anthu kuluka zambiri ayambe wafunsa kumene nsungwi, bango ndi mitengo yosema zidzachokere, ndipo ngati nkotheka athandize kudzala nsungwi m'mphepete mwa madimba.

Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko anatchuka chifukwa wansembeyo anakhala nawo zaka makumi angapo, akuphunzira chinenero ndi miyambo yao. Wodzipereka wa zaka ziwiri alibe mwayi wotere; mlendo ndi mame. Chaka choyamba chimathera pophunzira, chachiwiri ndicho cha ntchito. Nchifukwa chake mabungwe otumiza alendowa amafuna kuti aliyense akhale ndi mnzake wa m'dera lomwelo wogwira naye ntchito. Ku Nthalire mnzakeyo angakhale mlangizi wa zachitukuko kapena mlembi wa gulu la amayi, ndipo buku la ndalama, miyeso ya katundu ndi manambala a foni a ogula ziyenera kukhala m'manja mwake kuyambira mwezi woyamba, mlendo akadali pomwepo kuti amuongole akasokoneza.