Katemera wa Malungo: Musaiwale Ulendo Wachinayi

Amayi anzanga a kuno kwa Mkanda, m'sewero lomwe tamva pa wailesi muli mayi amene anabayitsa mwana wake katemera wa malungo katatu, kenaka n'kuleka. Neti nayo anaipinda n'kuisunga, poganiza kuti udzudzu sungamuchitenso kanthu mwanayo. Mvula itagwa, mwana anatentha thupi mpaka kukomoka. Tiyeni tikambirane pamene mayiyu anaphonya.

Katemerayu anachokera kuti?

Dziko la Malawi ndilo linali loyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo ya ana, pa 23 April 2019. Maiko a Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Boma lathu la Mchinji linali limodzi mwa maboma 11 amene anasankhidwa. M'chaka cha 2021, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti katemerayu aperekedwe m'maiko ena momwe malungo amavuta.

Mwana abayidwe kangati?

Mwana ayenera kulandira katemerayu kanayi: ali ndi miyezi 5, miyezi 6, miyezi 7, ndipo komaliza ali ndi miyezi 22.

Maulendo atatu oyamba savuta, chifukwa mwana amakhala ali kumsana ndipo kusikelo timabwera mwezi ndi mwezi. Vuto lili pa ulendo wachinayi. Pamadutsa miyezi 15, mwana wayamba kuthamanga, mwina mayi ndi woyembekezeranso, ntchito ya fodya ndi mtedza yachuluka. Mabanja ena amakhala atasamukira ku esiteti ina kapena kutsidya ku Zambia. Koma dziwani kuti mphamvu ya katemera imachepa pakapita nthawi, ndipo wachinayiyu ndiye amaidzutsanso.

Werengani miyeziyo lero lomwe. Mwana wobadwa mu January alandire wachinayi mu November chaka chotsatira. Ngati kuwerengako kwakuvutani, funsani mlangizi wa zaumoyo akulembereni m'buku la kusikelo. Paja safunsa adadya phula. Mukasamuka, bukulo musalisiye. Ngati tsiku ladutsa, musachite manyazi, bwerani nayebe mwanayo.

Katemera salowa m'malo mwa neti

Katemerayu amachepetsa malungo, makamaka aakulu aja okomola ndi otha magazi, koma sawathetseratu. Mwana wobayitsa angathe kudwalabe. Choncho agone m'neti usiku uliwonse, chaka chonse, ngakhale m'nyengo yotentha ya October. Neti ikang'ambika, isokeni. Si yotchingira dimba kapena khola la anapiye ayi. Inunso oyembekezera, gonani m'neti ndipo imwani Fansidar amene amakupatsani kusikelo.

Mwana akatentha thupi

Pitani naye kuchipatala cha Mkanda kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku lisanathe, akamuyeze magazi. Musayambe mwagula mankhwala pagolosale. Akamupeza ndi malungo adzakupatsani LA, yemwe amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mumwetseni yense, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Musasungireko mkulu wake.

Ambiri a inu mukukumbukira kuti mu 1993 boma linasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 linabweretsa LA. Linatero chifukwa tizilombo ta malungo tinasiya kumva mankhwala akalewo. LA tili nayeyu timusamale pomumwa monga atiuzira.

Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akamakana kuyamwa kapena akafooka kwambiri, thamangani naye kuchipatala ngakhale ndi usiku. Musadikire bambo abwere kaye kumunda, ndipo musadzere kwa sing'anga. Nkhani ya njinga ndi ndalama yoyendera muikambiranetu kunyumba matenda asanafike.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi mwana wanu adzakwanitsa miyezi 22 mwezi uti?
2. N'chiyani chimalepheretsa amayi a m'mudzi mwanu kubweranso ulendo wachinayi?
3. Kodi abambo, agogo ndi mafumu angatithandize bwanji kukumbukira tsikuli?