Oyamba kuitanidwa: mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wa oyendera odwala kwa Njombwa

Gogo Chalo Njombwa, wawa. Magulupu ndi nyakwawa nonse muli pano, abusa, abambo ansembe, mashehe, akulu a mipingo, akhansala athu, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, amayi a Chigwirizano, amayi a Dorika, a m'miphakati, achinyamata, komanso inu eni tsikuli amene mwatsiriza maphunziro oyendera odwala, ndapereka ulemu kwa nonse. Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya makheni kudimba, nazale za fodya zikudikira madzi, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa kupendeka.

Matenda akagwa m'nyumba pakati pa usiku kuno kwathu, woyamba kuitanidwa sakhala dokotala. Mwana amathamangitsidwa kukagogoda kwa mkulu wa mpingo, kwa mayi wa Chigwirizano, kwa shehe, kapena kwa gogo uja wodziwika kuti akagwada amapemphera mochokera pansi pa mtima. Pamisonkhano ya zaumoyo ndamvapo anzanga akudandaula nazo zimenezi, amvekere anthu akumudzi amachedwa ndi mapemphero. Ine ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo sindinabwere kudzakuletsani. Munthu akadwala sichidwala chiwalo chokha. Mtima umagwidwa ndi mantha, maganizo amathamangira kumanda, ana amayang'ana nkhope ya mayi wawo kuti adziwe ngati kuli chiyembekezo. Jakisoni safika kumeneko. Mwini moyo ndi Chauta, ndipo kuyamba kuitana Iye ndi nzeru. M'buku lachiwiri la Mbiri muli nkhani ya mfumu Asa imene inadwala mapazi itakalamba, ndipo chimene inalakwa n'chakuti inadalira asing'anga okha osamufuna Mulungu wake. Choncho musachite manyazi ndi pemphero, ndipo wina asakunyozeni nalo.

Koma kukhala woyamba kuitanidwa ndi udindo wolemera, ndipo n'chimene ndabwerera kudzakambirana nanu. Inu mumamuona wodwala nthawi idakalipo. Namwino kawirikawiri amamuona nthawi itatha. Maola amene ali pakati pa kugogoda pakhomo panu ndi kufika pakhomo la chipatala ali m'manja mwanu, ndipo moyo wa munthu nthawi zambiri umapulumuka kapena kutayika m'maola amenewo.

Mvula ili pafupi, malungo akubwera nayo. Mukalowa m'nyumba momwe mwana akudwala, musanatseke maso, yambani mwawatsegula. Ikani dzanja pachipumi. Tambasulani kachikhatho kake muone ngati kayera mbee, kokerani pansi chikope muone ngati mkati muli kufiira kapena mwayereratu, chifukwa kuyera kumeneko ndiye kuti magazi akutha. Funsani mayi ngati mwana akuyamwa, ngati akusanza chilichonse chimene walandira, ngati wakomokapo. Mwana amene wakana bere, wafooka mpaka osadzuka, kapena akuphupha, sangadikire tambala. Malungo aakulu amatha kutenga mwana m'tsiku limodzi kapena awiri. Pempherani ndithu, koma pempherani mwanayo ali kale kumbuyo, chitenje chamangidwa, wa kabaza waitanidwa. Mulungu amamva pemphero la panjira monga amamvera la pamphasa. Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, kapena mutu ukamuwawa kwambiri mapazi ndi nkhope zitatupa, n'chimodzimodzi.

Ena amati kupita kuchipatala utapemphera ndiye kuti wakayika. Awerenge nkhani ya mfumu Hezekiya m'buku lachiwiri la Mafumu. Atadwala mpaka pafupi kufa, anatembenukira kukhoma n'kupemphera akulira. Mulungu anamuyankha kudzera mwa mneneri Yesaya, n'kumuwonjezera zaka 15. Ndipo Yesaya yemweyo, atangopereka yankho la Mulungu, analamula kuti atenge nkhuyu aziike pa chotupa cha mfumuyo. Mneneri sanaone kuti nkhuyuzo zikuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Nanga ife tidzaposa Yesaya pa chikhulupiriro?

Mbiri ya boma lathu lino ikunenanso zomwezo. Dr George Prentice, amene anagwira ntchito ya mishoni ya Livingstonia kuno ku Kasungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anali mbusa komanso dokotala. Munthu mmodzi yemweyo ankalalikira n'kutsukanso zilonda. Chipatala cha Nkhoma, kumene agogo athu ambiri anakachotsedwa ng'ala n'kubwerako akuona, chinamangidwa ndi mpingo. Cha St Andrew's ku Mtunthama n'cha Anglican, cha ku Nkhamenya n'cha Katolika. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zonse za chipatala m'dziko muno. Amene anatiphunzitsa kugwada ndi omwewo anaumba njerwa za mawodi. Chiphunzitso chakuti mankhwala ndi mdani wa pemphero chaika m'manda anthu amene bwenzi lero ali nafe pano.

Akuluakulu mukukumbukira chaka cha 1995. Ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, a Billy Chisupe ananena kuti alota mankhwala ochiza Edzi. Malole ndi mabasi zinadzaza, anthu zikwizikwi ochokera m'zigawo zonse anapita kukamwa mchape, ndipo ndikhulupirira m'midzi muno muli ena amene anakwera nawo. Sindingawaseke anthu amenewo. Masiku amenewo kuchipatala tinalibe chowapatsa kupatula mankhwala ochepetsa ululu ndi mawu olimbikitsa, ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku. Munthu wothedwa nzeru amapita kulikonse kumene kwamveka chiyembekezo. Koma mchape sunachotse kachilombo, ndipo maliro anapitirira. Zinthu zinayamba kusintha mu 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere. Lero Amalawi opitirira 900,000 akumwa mankhwalawa, akulima, akulera ana obadwa opanda kachilombo. M'matchalitchi ndi m'mizikiti tinapemphera zaka zambiri kuti Mulungu atichitire chifundo pa mliri umenewu. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kabotolo ka ma ARV ndi limodzi mwa mayankho ake.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikakumbukira mayi wina amene ndinkamuthandiza. Anabwera ataonda kwambiri, anayamba mankhwala, thupi linabwerera, mpaka anayambiranso kugulitsa mandasi pamsika. Kenako anasowa. Titamuonanso anali pa machira, milomo itachita zilonda, mpweya ukuvuta. M'chikwama chake munali buku lake la kuchipatala, masiku olandira mankhwala atadumphidwa miyezi yambiri, pamodzi ndi kabotolo ka madzi odzozedwa kamene anagula ndi ndalama ya mbuzi. Anauzidwa ku mapemphero a kuphiri kuti wachira, ndipo akamwanso mapiritsi ndiye kuti wanyoza Mulungu. Mayi ameneyu sanasowe chikhulupiriro. Anali nacho chochuluka kuposa ambiri a ife. Chimene anasowa ndi mnzake wopemphera womuuza kuti, "Tiyeni tithokoze Mulungu kuti mwapeza bwino, ndipo mankhwala musasiye." Anasiya ana atatu.

Abusa ndi atsogoleri anzanga, ndikunena mwaulemu koma mosabisa. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kufalitsa zabodza za matendawa, kuphatikizapo kunamiza anthu kuti wawachiza. Koma ife sitiyenera kudikira wapolisi. Wina akafika m'dera lino n'kumauza anthu kuti ataye mankhwala a kachilombo, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, oyamba kumudzudzula akhale anthu a Mulungu. Ndipo pemphero limene lili ndi mtengo wake, loti upereke kaye mbuzi kapena thumba la chimanga, mulikayikire. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu opitirira 100,000 m'dziko muno, ndipo kunali makolo amene ankabisa ana m'nyumba pothawa katemera chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo wawo. Anawo sanasankhe okha.

Tsopano ndifike pa matenda amene sapezeka poyeza magazi, chifukwa kumeneku n'kumene inu mukufunika koposa. Msika wa fodya wangotha kumene. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Bambo wavutika kuyambira kunazale, kuwokera, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo. Fodya wapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Pepala la malonda likabwera amaliwerenga ataima, chala chikutsika mzere ndi mzere: ya feteleza wa pangongole yadulidwa, ya thiransipoti yadulidwa, msonkho wadulidwa, ndipo pansi penipeni patsala ndalama yosakwana n'kulipira matenanti omwe. Amalipinda pepalalo, kuliika m'thumba, n'kufika kunyumba osanena kanthu. Kunja kukudikira wa katapila, mayi ali ndi ngongole ku banki mkhonde, fizi ya ana yayandikira. Bamboyo amasiya kudya bwino, tulo timasowa, amayamba kukhala yekha kuseli kwa chigafa, mwina kuyamba kachasu amene kale sankamwa. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala abambo, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja ndizo zimatchulidwa kawirikawiri.

Bambo wotereyu sadzapita kuchipatala kukanena kuti mtima wanga walema. Akalimba mtima, amapita kwa mbusa kapena kwa mkulu wa mpingo madzulo, n'kungoti, "Mundipempherereko, zinthu sizikuyenda." Mawu ochepawo musawapeputse. Mwina inu ndinu munthu yekhayo amene wamuuza.

Mneneri Eliya, munthu amene anaitanitsa moto kuchokera kumwamba, anafika pothawira kuchipululu, kukhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Onani mmene Mulungu anamuchitira. Sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamuleka kuti agone, mngelo anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi madzi, anagonanso, anadyanso, ndipo zokambirana zinabwera pambuyo pake. Inunso teroni. Khalani pansi, mvetserani mpaka munthuyo atsirize, musathamangire kumulalikira. Mufunseni ngati wadya. Ndipo musaope kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzichotsa moyo. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wotula. Akavomera, musamusiye yekha usiku umenewo. Gwirizanani ndi wachibale wodalirika kuti mankhwala a m'munda achotsedwe m'nyumba, ndipo kukacha mumuperekeze kuchipatala. Kuchipatala chathu cha boma ku Kasungu thandizo la matenda a maganizo lilipo, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ntchito yawo ndi imeneyi. Matenda a maganizo si ziwanda nthawi zonse, ndipo munthu wosokonezeka mutu sachira pomangidwa zingwe kumapemphero. Ngati vuto ndi ngongole, pempherani, kenako mupite naye limodzi kwa mwini ngongoleyo, nyakwawa ilipo, mukakambirane za kabwezedwe.

Chinsinsi, abale anga. Zimene munthu wakuuzani pamphasa zisakamveke Lamulungu ngati mutu wa pemphero, kapena pachitsime ngati nkhani. Munthu mmodzi akaululiridwa, mudzi wonse umatseka pakamwa, ndipo maphunziro mwachitawa apita pachabe. Komanso mayi akabwera ali ndi zipsera za kumenyedwa, musamubweze ndi mawu oti banja ndi kupirira. Mupempherereni, muitane ankhoswe, ndipo ngati moyo wake uli pachiswe mumuperekeze kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Anzanga a chipatala, nanunso ndili nanu mawu. Anthu ena amathawira kwa aneneri chifukwa kumeneko amawayang'ana kumaso, kuwafunsa dzina, kuwagwira dzanja. Ndikudziwa mzere umakhala wautali, mankhwala amasowa, ndipo mumatopa. Komabe mayi amene wafika mochedwa ndi mwana musamulandire ndi mawu akuti munali kuti. Mukamukalipira, ulendo wina sabweranso. Oyendera odwala awa akabweretsa wodwala, alandireni ngati anzanu a pantchito, ndipo akapempha kupemphera pambali pa bedi mwakachetechete, apatseni mpata.

Kwa Gogo Chalo ndi mafumu ndili ndi pempho limodzi. Chimene chimagoneka odwala ambiri m'nyumba ndi ndalama ya kabaza usiku. Ndikupempha kuti mvula isanagwe, mudzi uliwonse ukhale pansi pamodzi ndi mipingo ndi mizikiti yake, mugwirizane za kathumba ka ulendo wa kuchipatala, asankhidwe wosunga wokhulupirika, ndipo adziwike anyamata a njinga zamoto amene angadzutsidwe nthawi iliyonse n'kulipidwa pambuyo. Inu oyendera odwala, musachoke pano musanalembe nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, komanso 54747 ya Chipatala Cha Pa Foni, kumene mungafunse uphungu pamene mwathedwa nzeru.

 Mulungu akudalitseni nonse. Tsopano ndipemphe otsogolera mwambo aitane mayina, ndipo Gogo Chalo, ngati mungalole, tiimirire limodzi popereka masatifiketi.