Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Sayansi ku Ndirande



Nyenyezi yaikulu zedi ikamafa, imakomokera mkati n'kulavula kuwala kwamphamvu kotchedwa gamma. Kuphulikako sikuchedwa, masekondi kapena mphindi zochepa basi, ndipo mpweya wokuta dziko umatchinga kuwalako. Amakuona ndi masetilaiti monga Swift, imene inapita m'mlengalenga mu 2004. Ikangoona imatumiza uthenga pansi pano, ndipo mpikisano umayambira pamenepo.

Pambaula malawi akatha, makala amafiirabe kwa kanthawi. Nakonso kuphulikaku kumasiya kuwala kotsalira, kumene kumazilala pakapita maola kapena masiku. Anthu anayamba kukuona pa kuphulika kwa pa 28 Febuluwale 1997, kudzera pa telesikopu ya William Herschel pachilumba cha La Palma. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, telesikopu ya Keck ku Hawaii inayeza kuwala kwina kotere, nipeza kuti kwayenda zaka mabiliyoni kuti kutifike. Mkangano wakale woti kaya zimenezi zimachitikira mumlalang'amba wathu kapena kutali unathera pomwepo.

Mvetserani apa. Kuwalaku sikudikira munthu. Kukabuka ku America kuli masana, amafunika maso kumene kuli mdima, ndipo nthawi zina mdimawo umakhala kuno kwathu. Ku Namibia, matelesikopu a H.E.S.S. anatsatira kuphulika kwa pa 29 Ogasiti 2019 usiku utatu wotsatizana. Ku Boyden, pafupi ndi Bloemfontein, kuli katelesikopu kotchedwa Watcher, ka galasi la masentimita 40 okha, kamene kamatembenuka kokha uthenga ukafika. Ntchitoyi si ya zida zikuluzikulu zokha ayi.

Chimandiwawa n'chakuti pa maiko a mu Africa othandizana ndi South Africa pa telesikopu ya SKA, Zambia ndi Mozambique alipo, ife palibe. Thambo la pamwamba pa phiri la Ndirande silisiyana ndi lawolo. Tikusowa anthu odziwa masamu, fizikisi ndi kompyuta, chikhalirecho yunivesite ya MUBAS ili pompano, ya MUST ili ku Thyolo. Makolo, mwana akamalimbana ndi masamu madzulo, makamaka wamkazi, musamudule pomutuma kumpopi. Madziwo atunge wina.

Ndi mawu amenewa, ndikutsegulira chionetserochi.