Lamya Irinso Mphunzitsi

Mnyamata wa kwa Kambombo, m'boma la Chama, akapeza nchito ku migodi ya ku Kitwe kapena ku Solwezi, kawiri-kawiri amatumiza lamya kwa makolo ace. Tsono ndalama za intaneti zimathera pa nyimbo ndi zoseketsa zokha.

Bungwe la Access Agriculture, limene linayamba mu 2012, liri ndi zithunzi zoyenda za ulimi, zaulere, zina m'Cicewa. M'menemo ophunzitsa ndiwo alimi eni ace: kuviika mbeu ya mpunga m'madzi kuti yopanda kanthu iyandame ndi kutayidwa, ndiponso kufutsa mpunga ndi nthunzi usanapunthidwe kuti usasweke-sweke pa cigayo. Ku Chama, kwao kwa mpunga, zimenezi ndi ndalama.

Ana a sukulu ali ndi Khan Academy pa YouTube, kumene Salman Khan anayamba kuika maphunziro a masamu mu 2006. Ambiri ngam'Cingerezi, koma mwana akhoza kuimitsa cithunzi nabwereza kufikira atamvetsa. Mphunzitsi ameneyu satopa, sakwapulanso.

Popeza intaneti imabvuta kumudzi, wocenjera amayamba wakopera zithunzizo m'lamya akali m'tauni, asanaipereke kwa mbale wokwera basi ya ku Lundazi.